Chenjezo kwa Abambo ndi Anyamata: Chipeso ndi Chipere cha M'mutu

Masiku ano tikulandira abambo ndi anyamata amene akufika kuchipatala chipere cha m'mutu chitakula kale, ndipo tikawafunsa chimene anachedwera, amayankha kuti anameta mpala n'kumapaka mankhwala, poganiza kuti tsitsi likachoka matendanso achoka. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo ndi amene akutidetsa nkhawa kwambiri.

Chipere chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa fangasi, makamaka ta m'magulu a Trichophyton ndi Microsporum. Munthu amatitenga kwa mnzake, kwa galu kapena mphaka, komanso kudzera m'chipeso, burashi, chipewa, thaulo ndi makina ometera. Tizilomboti tingakhale ndi moyo m'mano a chipeso kwa miyezi ingapo, ndipo munthu wamkulu angatinyamule m'mutu mwake popanda chizindikiro chilichonse, n'kumapatsira ana ake pobwerekana nawo chipeso. Zizindikiro zimaoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri: m'mutu mumayabwa, pamatuluka zonga mfundu, tsitsi limathothoka mozungulira n'kusiya timadontho takuda pamene laduka, ndipo nthawi zina pamabwera mwanabere kumbuyo kwa khosi.

Chimene tikufuna kuti mumvetse n'chakuti tizilomboti timalowa m'kati mwa tsitsi mpaka kumizu, pansi pa khungu, kumene lezala safika ndiponso kumene mankhwala opaka salowa mokwanira. Mukameta mpala mwangochotsa zooneka ndi maso, koma matenda atsala, ndipo makina amene mwametera aja atenga tizilombo tokapatsira wina. Chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, monga griseofulvin amene amamwedwa kwa masabata 6 mpaka 8, kapena terbinafine, ndipo wosankha mankhwala ndi mlingo wake ndi dokotala. Shampu ya ketoconazole imachepetsa kufala kwa tizilombo, koma payokha sichiritsa.

Pa kasankhidwe ka chipeso, gulani chimene mungathe kuchitsuka bwinobwino. Chapulasitiki kapena chachitsulo, cha mano otalikirana ndi a nsonga zosalala, n'chabwino kwa tsitsi lolimba ndi lopotana chifukwa sichikoka tsitsi ndiponso sichikanda khungu. Chipeso chathabwa ndi burashi ya ubweya wothinana, imene anyamata ambiri amakonda posalaza tsitsi lalifupi, zimasunga mafuta, mfundu ndi chinyezi, choncho n'zovuta kuziyeretsa. Tengani burashi yanu lero, mupatule ubweya wake ndi zala n'kuyang'ana pansi pake. Zotuwa zimene zamatirira pamenepo ndi zimene mumabwezera m'mutu m'mawa uliwonse. Chipeso chothyoka mano chitayeni, popeza timabala timene chimasiya ndi khomo la tizilombo. Sabata iliyonse chotsani tsitsi lotsalira, tsukani ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo muumitse musanasunge. Aliyense m'nyumba akhale ndi chipeso chakechake, ndipo mukapita kometa musachite manyazi kufunsa ngati makina, chipeso ndi burashi yosasira tsitsi pakhosi zayeretsedwa ndi mankhwala opha tizilombo.

Komabe, ngakhale mutagula chipeso chabwino chotani, ngati chipere chayamba kale, chipesocho sichikuchizani, ndipo kumetanso kachiwiri kapena kachitatu n'kungotaya masiku. Ena amakanda pamalopo mpaka magazi kutuluka, ena amathirapo mankhwala oopsa owotcha khungu, ndipo amadzafika kwa ife ndi mabala awiri m'malo mwa limodzi. Chipere chonyalanyazidwa chingasanduke chotupa chofewa, chopweteka ndi chotulutsa mafinya, ndipo chikapola chingasiye chipsera pamene tsitsi silidzameranso. Dazi lotere silibwezeka ndi mankhwala.

Mukaona malo othothoka tsitsi, pitani kuchipatala sabata yomweyo, osayamba mwameta, kuti dokotala aone mmene tsitsi ladukira. Tengani ana ndi onse amene mumabwerekana nawo chipeso kuti nawonso awonedwe. Tsiku limene mwayamba kumwa mankhwala, tayani chipeso ndi burashi zakale, chapani zipewa, mathaulo ndi nsalu za mapilo, ndipo mumalize mankhwala onse ngakhale kuyabwa kutaleka m'sabata yachiwiri, chifukwa tizilombo ta kumizu timakhala tisanathe.