Pampu ya ma vane ndi kutentha kwa ku Chigwa cha Shire

Dalaivala wa lole akamadandaula kuti m'mawa chiwongolero chimapepuka, koma masana akamafika pa Nchalo kapena pa Ngabu chimalimba, makamaka injini ikamalira pang'onopang'ono, poyambira kufufuza ndi pa pampu. M'magalimoto ambiri pampu ya chiwongolero ndi ya mtundu wa vane, ndipo mtundu womwewu umapezekanso m'makina ena onyamula katundu ndi a m'mafakitale.

Mukaimasula mupeza chitsulo chobulungira chomwe chakhala pa shafiti, chotchedwa rotor. Chitsulochi chili ndi timipata tochokera m'mphepete kuloza pakati, ndipo m'timipatamo mumalowa tizitsulo tophwathalala, ma vane aja, tomwe timatuluka ndi kubwerera momasuka. Zonsezi zimakhala mkati mwa ring'i, koma rotor sikhala pakatikati penipeni, imatsamira mbali imodzi. Shafiti ikazungulira, ma vane amaponyedwa kunja n'kumayenda akukhudza khoma la ring'iyo. Pakati pa vane ndi mnzake pamatsala kachipinda. Kumene rotor yatalikirana ndi khoma kachipindako kamakula, oilo n'kulowa kuchokera m'thanki. Kukafika kothina kamachepa, oilo n'kukankhidwira kunja. Ntchito ya pampu ndi kukankha oilo basi. Presha imakwera oiloyo akakumana ndi cholemera choti asunthe.

Mapampu ambiri amakono ring'i yake siyobulungira, ndi yotalikirako ngati dzira, ndipo ali ndi polowera pawiri, potulukira pawirinso moyang'anizana. Mphamvu ya mbali iyi imafafaniza ya mbali inayo, choncho shafiti ndi mabering'i sizilemedwa. Dziwaninso kuti mapampu ambiri a m'makina amafuna kuzungulira kosachepera ka 600 pa mphindi kuti ma vane atuluke bwino n'kuyamba kukoka oilo.

Moyo wonse wa pampuyi uli pa kaoilo kochepa kwambiri kamene kamakhala pakati pa nsonga ya vane ndi ring'i. Apa m'pamene nyengo ya kuno imatipweteka. Mu Okutobala ndi Novembala kunja kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo oilo wa m'thanki akadutsa madigiri 60 amayamba kusungunuka ngati madzi ndi kukalamba msanga. Oilo wotere amathawira m'mbali mwa ma vane kubwerera kumene wachokera, n'chifukwa chake makina amafooka masana. Oiloyo amalekanso kutchinjiriza zitsulo, ndiye zimadyana. Ngati buku la makina likulola, oilo wa ISO VG 68 (nambala yosonyeza kukhuthala kwa oilo) amapirira kutentha kuposa wa 46. Koma pa chiwongolero cha galimoto thirani okhawo amene alembedwa pachivundikiro kapena m'buku. Oilo wa injini wotsala m'chigubu musamuyese n'komwe.

Fumbi ndi mdani wachiwiri. Kamchenga kamodzi kakalowa m'kampata, vane imakakamira osatuluka. Pukutani pakamwa pa thanki musanatsegule, fanelo ikhale yoyera, ndipo fyuluta muzisintha pa nthawi yake.

Pampu imanena yokha vuto lake. Ikamalira ngati mukugaya timiyala, ikusowa oilo polowera: mwina sefa ya m'thanki yatsekeka, payipi yapindika, kapena oilo wachepa. Oilo akamachita thovu, payipi yokokera ikuyamwa mpweya, kawirikawiri pa kilampu yomasuka kapena pa rabala ya shafiti. Mukalekerera, mkati mwa ring'i mumachita mizere ngati malata, ma vane n'kumadumphadumpha. Zikafika apo kusintha ma vane okha n'kutaya ndalama. Sinthani rotor, ring'i ndi ma vane limodzi. Pobwezera, onani kamuvi kosonyeza kumene pampu imazungulira, ndipo dzazani oilo m'pampumo musanalize injini.

Pampu ya ma vane ikamakoka mpweya m'malo mwa oilo, kagwiridwe kake ndi komweko. Magalimoto opopa zimbudzi ambiri amakoka ndi pampu ya ma vane yothiridwa oilo pang'onopang'ono. Alipo mapampu ena ouma, ma vane ake ndi a graphite (chakuda chija cholembera cha m'kati mwa pensulo), ndipo amenewo oilo amawamata n'kuwathyola. Mukatembenuza ntchito, n'kulowetsa mpweya wa kompulesa, mpweyawo ndiwo umazunguliritsa rotor. Umu ndi momwe chida chomasulira manati a matayala chimagwirira. Chimafuna madontho awiri kapena atatu a oilo wake polowera mpweya tsiku lililonse, ndipo madzi a m'thanki ya kompulesa muzikhetsa madzulo aliwonse, makamaka nthawi ya dzinja pamene mpweya uli ndi chinyontho chambiri.