Kaboni wachokera kuti? Mbiri ya tsamba lopangidwa ndi anthu

M'chaka cha 1912, katswiri wa kemisitiri wa ku Italy, Giacomo Ciamician, anauza anzake pamsonkhano ku New York kuti malasha adzatha ndithu, ndipo anthu adzayenera kuphunzira kwa zomera, zomwe zimapanga shuga ndi dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide basi. Ganizo limeneli ndilo tsamba lopangidwa ndi anthu: chinthu chotsanzira tsamba la chomera, chopanga mafuta ndi dzuwa, madzi ndi carbon dioxide. Kwawo ku Bologna ankayanika mabotolo a mankhwala padzuwa, pamwamba pa nyumba ya yunivesite. Koma malasha anali adakali mbwee, choncho nkhaniyo inangogona.

Inadzutsidwa ku Tokyo. Mu 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda anaonetsa kuti titanium dioxide, yomwe ija imayeretsa penti, ikamizidwa m'madzi n'kuwombedwa ndi kuwala kwa ultraviolet, timathovu ta oxygen timatuluka pa iyo, hydrogen n'kumatulukira pa platinum yolumikizidwa nayo. Chaka chotsatira mafuta anakwera mtengo koopsa padziko lonse, ndiye anthu anatchera khutu, poti hydrogen amayaka ndipo angalowe m'malo mwa mafuta. Vuto n'lakuti ultraviolet ndi kagawo kochepetsetsa ka kuwala kwa dzuwa, ndipo kuwala kwina konseko titanium dioxide sikugwira.

Carbon dioxide ndiye wouma mutu kuposa madzi. Mu 1978 Martin Halmann wa ku Weizmann Institute ku Israel anamusandutsa formic acid ndi methanol, yemwe amayaka ngati mafuta, pogwiritsa ntchito mankhwala ogwira kuwala otchedwa gallium phosphide, ndipo mu 1979 gulu la Honda linachita zofanana ndi ufa wa mankhwala ogwira kuwala wothiridwa m'madzi. Kuyambira pamenepo malipoti anachuluka, aliyense ndi ufa wake.

Mkangano unabadwira pa kuchepa kwa zotulukazo. Methane kapena methanol wake ankakhala wochepa zedi moti timankhwala totsalira pa ufawo pomwe unkakonzedwa, tomwenso tili ndi kaboni, tikanatha kupereka zonsezo. Mu 2010 gulu la Guido Mul ku Delft, m'dziko la Netherlands, linayesa mochenjera. Linalowetsa carbon dioxide wokhala ndi kaboni 13, wolemererapo kuposa kaboni 12 wamba, kuti amuzindikire potuluka. Ufawo unatulutsa mpweya wa carbon monoxide, koma wambiri yemwe anatuluka anali wa kaboni 12. Kunena mosapsatira, ufawo unkangodya litsiro lake lomwe.

Sikuti ntchito zonse zakale zinali zabodza, ayi, koma lero lipoti lopanda mayeso a kaboni 13 salikhulupirira msanga. Palinso chinyengo china chofatsa chomwe ine ndimachiona chachikulu. Ofufuza ambiri amathira mankhwala monga triethanolamine kuti ndiwo azipereka ma electron, tizidutswa ta magetsi tofunika posandutsa carbon dioxide kukhala mafuta, chifukwa kuwatenga m'madzi n'kovuta. Mankhwalawo amatha, ndipo ayenera kugulidwanso. Ufa womwe ukugwiradi ntchito ndi madzi uyenera kutulutsanso oxygen wokwanirana ndi mafuta omwe wapanga, ndipo ambiri mwa malipotiwa oxygen samuyeza n'komwe.