Sukulu ndi dambwe: kumene unayambira mkangano wa mpingo ndi gule

Anthu akangokolola, nkhani yomwe ija imabwereranso m'midzi ya ku Dedza, Lilongwe, Dowa ndi Mchinji. Wamwalira mkulu amene ankadya Mgonero, koma abale ake akuti anali wometa, choncho zilombo ziyenera kubwera kudzamuperekeza. Akumpingo atola mabuku awo a nyimbo n'kuchoka pasiwa, namfedwa n'kutsala kakasi. Pa Facebook ena atukwana gule, ena atukwana abusa, ngati kuti nkhaniyi yayamba dzulo. Komatu yatha zaka zoposa 100.

Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anakhazikika ku Mvera mu 1889, ndipo mishoni ya Nkhoma inatsegulidwa mu 1896. Ansembe a White Fathers anafika ku Mua mu 1902. Chimene chimaiwalika n'chakuti ku Mvera malo anawapatsa ndi Chiwere, pamene Mua ali m'dziko la Kachindamoto, onsewo mafumu a Chingoni. Anthu wamba ambiri anali Achewa, amene pansi pa ulamuliro wa Angoni anali atataya zambiri, koma dambwe linali likadali lawo. Tsono mmishoni analowa m'mudzi atagwirana chanza ndi wogonjetsa.

Zaka zoyambirirazo tingazidutse msanga. Obatizidwa anali ochepa, ndipo gule analibe chifukwa choopera kagulu ka anthu oimba nyimbo pansi pa mtengo.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1920, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Sukulu za m'midzi zinachuluka, ndipo sukulu ya nthawi imeneyo inali tchalitchi chomwe: mphunzitsi yemweyo ndiye wa katekisimu, ndiye wotsogolera mapemphero Lamulungu. Mnyamata wolowa kalasi ankauzidwa kuti kudambwe asapondeko. Taganizani mfumu ya mzinda ikuona zimenezi. Ulemu wake unali pa bwalo. Maliro ndi chinamwali zinkadzera kwa iyo, ndi mphatso zake zomwe. Anyamata akapanda kugula njira, adzavina ndani pa mpalo wa amalume ake? Kwa amuna okhala pachikamwini, amene m'mudzi wa mkazi analibe mawu, dambwe ndilo linali malo awo okhawo olankhulirapo ngati amuna. Ndiye poti amuna ambiri anali atapita ku Halale ndi ku Joni kukasaka ndalama ya msonkho, mnyamata aliyense wotsala pamudzi ankalimbiranidwa.

Anyau anabwezera mwanzeru. Anayamba kulowetsa ana aang'ono, amene kale akanauzidwa kuti adikire akule, n'cholinga choti mphunzitsi akamafika apeze mwana ali kale wometa. Ankaika gule pa nthawi ya sukulu, ng'oma n'kumeza belu. Akhristu nawonso sanali nkhosa. Panali aphunzitsi, ngakhale ansembe amene, olanda zigoba za nyau ndi kuulula zakudambwe pamaso pa amayi ndi ana, chinthu chimene kwa mwini mzinda chinali chipongwe chosaneneka. Zibakera zinkachitika, milandu n'kukathera kwa bwanamkubwa wa boma.

Amishoni anapempha boma la atsamunda kuti lithetse gule, koma silinamuthetse. Chiyambire kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, boma linkakayikira Mwafirika wophunzira kumishoni kusiyana ndi wovina kumanda, ndipo linkafuna mafumu kuti azitolera msonkho. Lamulo la 1933 lopatsa mafumu mphamvu zoyendetsa madera awo linangolimbitsa maganizo omwewo.

Zambiri zimene timadziwa za nthawiyi zimachokera kwa Ian Linden, amene buku lake la Akatolika ndi Achewa linatuluka mu 1974, ndi kwa Matthew Schoffeleers, wansembe amene analemba naye limodzi za nyau. Linden anadalira kwambiri mabuku a tsiku ndi tsiku a kumishoni, ndipo olemba mabukuwo anali mbali imodzi ya ndewuyo. Wansembe akalemba kuti anyau aopseza ana a sukulu, tingamukhulupirire, koma chimene mphunzitsi wake anachita dzulo lake sichilembedwa kawirikawiri. W.H.J. Rangeley, amene analemba za nyau za ku Nkhotakota cha m'ma 1949, anali wa boma, ndipo ankaona ndi maso a wosungitsa bata. Eni dambwe sanasiye makalata. Ndipo amayi, amene ana awo ndiwo ankakokedwa uku ndi uku, mawu awo samveka m'pang'ono pomwe m'zolembazo.

Yankho la eni dambwe lili m'zilombo zomwe. Muli Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Muli Maliya ndi Yosefe. Ena amati kumeneku kunali kunyoza oyera a Akatolika, ena amati kunali kuwalowetsa m'mudzi kuti nawonso akhale pansi pa mwambo. Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zingatheke pa bwalo limodzi, monga momwe nthabwala ya pamaliro imaseketsa ndi kulangiza nthawi imodzi. Dzina loti mpingo wa Aroni, limene anyau amadzitcha potengera nkhani ya mwanawang'ombe pa Eksodo 32, likuonetsa kuti Baibulo ankalimvetsera ndithu.

Mipingo iwiriyi inadzayenda njira zosiyana. A Nkhoma anakana chinamwali cha kumudzi n'kuika chilangizo m'malo mwake, alangizi a mumpingo n'kutenga ntchito ya anamkungwi, koma pa gule sanasunthe: wopita kudambwe amadulidwa. Akatolika anafewa pambuyo pa msonkhano wa Vatican wachiwiri, umene unatha mu 1965. Pa Mua pomwepo, pamene panali phata la ndewu, Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo lero nyumba ya Chamare imasunga zigoba za gule mazanamazana pafupi ndi tchalitchi. Si Akatolika onse anakondwa nazo, ndiponso si eni dambwe onse, poti zina zimene zili poyera pamenepo n'zosayenera kuonedwa ndi munthu wosameta.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika gule wamkulu m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo chaka ndi chaka amavinidwa pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia pamaso pa Kalonga Gawa Undi, akhristu ambirimbiri akuonerera. Zimenezo sizinafike pasiwa. Kumeneko mkulu wa mpingo ndi mwini mzinda, amene nthawi zambiri ndi munthu ndi mlamu wake, amakambiranabe kuti mtembo unyamulidwa ndi ndani.