Pikapu ya malemu pansi pa mango ndi mitengo ya pa okushoni ku America

Sabata ziwiri zapitazo panafika mnyamata wina wa ku Chipoka pa galaja yanga kuno ku Salima, foni ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Moni anapereka wapatalipatali. "Madala, taonani izi," anatero akundilozera chithunzi cha Land Cruiser ya pikapu, ija yakalekale ya FJ45, yonyezimira ngati yangotuluka m'fakitale. Pansi pa chithunzicho panali mtengo umene galimotoyo inagulidwa pa okushoni ina ku America. Iye anali atasintha kale madolawo kukhala makwacha, ndipo maziro ake ankachita kumuzunguza mutu. Kwao, pansi pa mtengo wa mango, pali galimoto ya mtundu womwewo ya malemu bambo ake. Yakhala pa njerwa zaka zoposa khumi, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Chimene ankafuna kwa ine n'choti ndimuuze mtengo wa penti, kuti naye agulitse pa ndalama zomwezo.

Ndinamukokera benchi. Ndakhala ndikuwongola ndi kupenta galimoto zaka zoposa makumi awiri, ndipo funso limeneli landipeza kangapo chiyambire anthu kuona zithunzi zoterezi pa Facebook.

Mitengoyo si yabodza ayi. Ku America kuli makampani amene ntchito yawo n'kugulitsa galimoto zakale pa okushoni. Barrett-Jackson imachititsa yake yaikulu Januwale aliyense ku Scottsdale, m'dera la Arizona. Kulinso Mecum, komanso Bring a Trailer imene anthu amapikisana mitengo pa intaneti. Mapikapu amene kale ankanyamula manyowa ndi matabwa, monga Ford F-100, Chevrolet C10 za pakati pa 1967 ndi 1972, ndi Land Cruiser zimenezi, lero ndi katundu wa anthu a ndalama, ndipo ena okonzedwa mwapamwamba amadutsa madola 100,000. Ambiri ogula ndi anthu amene anakwera galimoto zimenezi ali ana, ndiye akugula kukumbukira bambo awo. Dziko la America lilinso ndi lamulo lolola kuti galimoto imene yakwanitsa zaka 25 ilowe ngakhale isakugwirizana ndi malamulo a chitetezo a galimoto zatsopano, n'chifukwa chake amalonda amasakasaka Land Cruiser ndi Land Rover zakale m'maiko ena.

Koma chithunzi chimene chimayenda pa mafoni n'cha galimoto imodzi imene inaposa zonse. Zinzake zambirimbiri zimene zinapita pa mtengo wamba tsiku lomwelo palibe amazitumiza pa WhatsApp. Aliyense amene anaimapo pa doko la Senga Bay m'mawa akudziwa mmene zimakhalira: ogula awiri akalimbirana chidebe chimodzi cha usipa mtengo umauluka, mawa lake usipa womwewo n'kusowa woufunsa. Pa okushoni pamangofunika anthu awiri amakani. Komanso ndalama yolembedwayo siilowa yonse m'thumba la wogulitsa. Kampani ya okushoni imadulapo yake, wonyamula galimotoyo amadya, wojambula zithunzi amadya. Wogula naye amawonjezera yake pamwamba. Pa Bring a Trailer ndi 5 peresenti. Ndipo galimoto ikagulitsidwa popanda reserve, kutanthauza kuti mwiniwake sanaike malire a mtengo wotsikitsitsa, imapita ndi amene watchula womaliza, olo mwiniwake akhale akulira.

Chimene chimasiyanitsa kwambiri mitengo ya galimoto ziwiri za chaka chimodzi ndi mmene zilili m'kati. Kampani ya inshuwalansi ya galimoto zakale yotchedwa Hagerty imaziika m'magulu anayi. Gulu loyamba ndi la galimoto zopanda banga, zopita nazo ku mipikisano, zimene zimayenda pa lole kuopa fumbi. Lachiwiri ndi zabwino kwambiri, zoti katswiri yekha ndiye angaone pamene pali vuto. Lachitatu ndi zabwino zoyendera, lachinayi ndi zoyenda koma zooneka kuti zatopa. Ndinene mosabisa: mapikapu ambiri amene timati takonza kuno kwathu, kuphatikizapo ena otuluka m'manja mwanga, akavutika kulowa ngakhale m'gulu lachinayilo. Osati chifukwa tilibe luso. Kasitomala wathu amafuna galimoto ibwerere pamsewu Lachisanu kuti Loweruka ikanyamule mpunga ku Lifuwu, ndipo ndalama imene amapereka ndi ya ntchito ya masiku anayi.

Penti ndi imene imanamiza anthu. Pa ntchito yonse yobwezeretsa galimoto yakale, kupopera penti n'komalizira, ndipo ndi kumene aliyense angathe kukometsa. Ntchito yeniyeni imakhala pansi pake. Kumene amakonza mwapamwamba amayamba ndi kuchotsa bodi yonse pa chasisi, galimoto n'kukhala zidutswazidutswa. Chasisi amaipala mpaka chitsulo chioneke mbee, n'kuyeza ngati sinapindike. Pamene padya dzimbiri amadulapo n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano cha kukhuthala komweko, m'mphepete ndi m'mphepete, osati kusanjika chigamba pamwamba pa chowola. Chigamba chosanjika chimasunga madzi pakati, dzinja limodzi kapena awiri penti yayamba matuza. Fila, phala lija timamata posalaza, amangopaka kopyapyala kotseka timaenje ta hamala. Ikafika pokhuthala ngati chala, dziwani kuti munthu anachita ulesi kuwongola.

Ine ndinaphunzira zimenezi ndi ndalama zanga. Ndili mnyamata ndinapita ku okushoni ina ku Lilongwe, ndipo maso anga anagwera pa Peugeot 504 ya pikapu yoyera bwino, mataya opakidwa polishi. Sankalola kuiyendetsa, kungoliza injini basi, ndipo malamulo ake anali oti ukagula wagula mmene iliri. Ndinapikisana ndi bambo wina mpaka ndinamugonjetsa, ndikudzimva kuti ndine dolo. Pobwera nayo pa msewu wa M14, titangoyamba kutsetsereka mapiri kulowera kunyanja, chitseko chakumanzere chinayamba kulira mwachilendo. Nditafika ndinagogoda pansi pa chitsekocho ndi sikuludiraiva, chidutswa chachikulu ngati mbale n'kugwa. Kuseri kwake kunali waya wa sefa wa m'mawindo, mapepala a nyuzi, ndi fila. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chiyambire tsiku limenelo sindipita kukaona galimoto popanda maginito m'thumba, kaja kochotsa ku sipika yakutha ya wailesi. Ndimakakulunga m'kansalu kuti kasakale penti, n'kumakayendetsa m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa madigadi ndi m'makona a kabini. Pa chitsulo kamakakamira, pa fila yochuluka kamagwa. Akunja ali ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti, koma nzeru yake ndi yomweyo. Chenjezo limodzi: Land Rover zakale bodi yake yambiri ndi ya aluminiyamu, ndiye maginito sagwira olo galimoto ili bwinobwino. Pa zimenezo yang'anani chasisi ndi khoma lija lolekanitsa injini ndi kabini, poti n'zachitsulo ndipo n'zimene zimaola.

Mukamaona pikapu yakale, gwadani. Wogulitsa amafuna muime patali muone kunyezimira, inu lowani pansi ndi tochi. Onani pamene masipuling'i akumbuyo amagwira chasisi, chifukwa pikapu iliyonse imene inagwirapo ntchito ya matola pa M5, anthu makumi awiri pamwamba pa matumba a chimanga, inang'ambikapo pamenepo. Ngati pawotchereredwa, onani kuti anawotcherera bwanji: mzere wosalala wolowa m'chitsulo, kapena zitosi za nkhuku zongomata pamwamba. Chotsani kapeti muone pansi popondera. Tsekani zitseko muone ngati mpata wake uli wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa chitseko chopendama nthawi zambiri chimanena za kabini imene inagubuduzikapo. Pansi pakapakidwa phula lakuda latsopano ponseponse, ine ndimayamba kukayika m'malo mosangalala.

Kuno kunyanja tili ndi mwayi umodzi umene anzathu a kumaiko ozizira alibe. Iwo amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo mcherewo umadya galimoto kuchokera pansi. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere. Adani athu ndi ena: feteleza wotayikira m'bodi yakumbuyo, amene amadya chitsulo koopsa akanyowa, madzi a ayisi wa nsomba okhala m'makona, matope a dzinja ouma m'kati mwa chasisi, ndi masamba a mango otseka timabowo totulutsa madzi. Onjezanipo makoswe m'mawaya.

Tsopano nkhani imene mnyamata uja sankaiyembekeza, ya manambala ndi mapepala. Wogula wa ndalama amafuna kudziwa ngati injini ili m'galimotomo ndi imene inabwera nayo, zimene iwo amati matching numbers. Pa Land Cruiser zakalezi zilembo zimanena zoona: FJ ndi ya petulo, HJ ndi BJ ndi za dizilo. Kuno petulo atakwera, ambiri anazula injini zoyambazo n'kuikamo za dizilo za m'galimoto zina, mabulaketi owotcherera okha, ndipo anachita bwino poti galimoto inapitiriza kudyetsa ana. Koma kwa wosonkhanitsa galimoto zakale, FJ yokhala ndi injini ya minibasi yataya mbali yaikulu ya mtengo wake. Wina anganditsutse kuti pa okushoni za ku America zimene zimadula kwambiri nthawi zina n'zosinthidwa injini zomwezo. N'zoona, amazitcha restomod: thupi lakale, koma injini, mabuleki ndi zoziziritsira m'kati zamakono. Kusiyana kwake n'koti pamenepo chilichonse chinayezedwa, chinajambulidwa, ndipo malisiti ake adzaza faelo. Wogula amalipira umboniwo.

Ndipo nambala ya pa chasisi iyenera kufanana ndi ya mu bulu buku. Izi zimagwetsa ambiri kuno. Galimoto ya malemu imakhala ikadali m'dzina la malemuwo, buku linasowa pa maliro, kapena wina anasintha chasisi ndi ya galimoto ina osakanena ku Road Traffic. Galimoto yotereyi simungaitulutse m'dziko, ndipo ngakhale kuigulitsa kwa munthu wa ku Nkhotakota konkuno kumavuta. Musayerekeze kukhomanso nambala ndi manja. Imeneyo ndi nkhani ya kupolisi.

Chodabwitsa kwa ambiri n'choti penti yakale yoyambirira, olo itasuluka ndi dzuwa la ku Salima, kwa ogula ena ndi yamtengo kuposa yatsopano. Galimoto yosagwidwa sibisa kanthu. Dzimbiri likuoneka pamene lili, pamene inagundidwa pakuoneka, munthu akudziwa chimene akugula. Mukaipopera penti yotchipa panja pali mphepo ndi fumbi, mwawononga ndalama zanu, komanso mwamupatsa wogula ntchito yoipala yonse kuti aone chimene mwabisa, ndipo adzachotsera pa mtengo. Ndimadya za penti ine, koma apa ndikudzilanda nsima pakamwa dala.

Si pikapu iliyonse yakale imene ili ndi msika kunja. Peugeot 404 ndi 504, zimene zinapangidwa kwa zaka zambiri ku Kenya ndi ku Nigeria zitasiya kale kupangidwa ku France, zili ndi ozikonda, koma si amene amatulutsa madola aja. Ka Nissan 1400, kamene ku South Africa anakapanga mpaka 2008, ubwino wake ndi woti masipeya ake sasowa, ndiye kukakonza kuti kaziyenda n'kwanzeru. Pa zoterezi ine ndimati konzani mabuleki, chiwongolero, mawaya ndi dzimbiri, mupeze COF, chiphaso chija chotsimikiza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, muziyendera. Kubwezeretsa galimoto mpaka ifike gulu loyamba kapena lachiwiri kumadya maola mazanamazana, ndipo ngakhale kunja komweko ambiri amagulitsa pa mtengo wochepera zimene anawononga. Kuno onjezanipo kuti labala iliyonse ya galasi, loko aliyense wa chitseko, n'zoitanitsa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinaona ntchito zingapo zikuima pakati, galimoto zili zidutswa m'makatoni.

Loweruka lapitali ndinapita ku Chipoka kukaiona ya mnyamata uja. Tinathamangitsa nkhuku, ndinayala thumba n'kulowa pansi. Pansi popondera paola, mapazi angatulukire kunja. Bodi yakumbuyo yatheratu, si yoti n'kuikonza. Koma chasisi ndinaigogoda ndi hamala kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo ikulira ngwee, ndipo titapukuta ndi palafini nambala inaoneka yonse, yosakhudzidwa. Injini ndi ya petulo ija ya masilinda sikisi, yagwirana moti sikuzungulira, koma ndi yake. Ndinamuuza kuti ogula zitsulo zakutha akabwera ndi sikelo yawo awakanize, achotse galimotoyo pansi pa mango, aimangire kashedi ka malata, athire oilo pang'ono m'mabowo a mapulagi, ndipo penti asaiganize n'komwe.

Mayi ake, amene nthawi yonseyi anali phee pamkeka akusankha mpunga, ndi amene anafunsa za buku. "Kodi bambo, mwati buku lija n'lofunika?" Ndinati kwambiri, mayi. Anati lili ndi alamu awo ku Dwangwa, amene analitenga tsiku la sadaka n'kunena kuti galimotoyo ndi ya kubanja kwawo. Mnyamata uja anayang'ana pansi, foni n'kuibwezera m'thumba. Akuti apita ku Dwangwa mwezi ukatha, limodzi ndi amalume ake.