Phokoso la dzuwa pa wailesi ndi mkangano umene linautsa

Mu Lilongwe muno akadalipo madoda, ku Kawale ndi ku Biwi, amene amatcherabe wailesi za shortwave. Masana, ukafika cha pa 20 MHz, nthawi zina umamva phokoso lobwera mwadzidzidzi ngati mvula ikuyamba padenga la malata, kenaka n'kuzilala pakangopita masekondi ochepa. Ambiri amathamangira kusintha mabatire. Koma lina mwa phokosoli limachokera kudzuwa kwenikweniko, ndipo ine ndimafunitsitsa ana athu a sayansi atadziwa mbiri yake.

Zinayambira pankhondo. Mu February 1942, makina a radar a asilikali a ku Britain anadzaza phokoso, akuluakulu n'kumaganiza kuti Ajeremani akusokoneza dala. Katswiri wa sayansi James Stanley Hey ndiye anazindikira kuti phokosolo linkalondola dzuwa kuyambira m'mawa mpaka kulowa kwake. Nkhaniyi inabisidwa kufikira nkhondo itatha. Mu 1950, Paul Wild wa ku Australia anagawa maphokosowa m'magulu atatu. Phokoso la gulu lachitatu limayambira pa frequency yapamwamba, kutanthauza liwiro la kanjenjemeredwe ka mafunde, n'kutsika mofulumira zedi.

Kutsikako n'kumene kunaulula chinsinsi. Dzuwa lazunguliridwa ndi plasma, mpweya wotentha kwambiri mwakuti maelekitironi anathothoka ku maatomu awo. Plasma iliyonse ili ndi liwiro lake la kanjenjemeredwe, ndipo ikamapepuka liwirolo limatsika. Ndiye dzuwa likalavula mtsinje wa maelekitironi othamanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro la kuwala, mtsinjewo umadutsa m'plasma yomka nipepuka, phokoso lake n'kumatsika nawo. Mu 1958, Vitaly Ginzburg ndi Vladimir Zheleznyakov anafotokoza kuti zimachitika pawiri: mtsinjewo umayamba wavundula plasma n'kudzutsa mafunde otchedwa dzina la Irving Langmuir, kenaka mafundewo, pogundana okhaokha kapena ndi mafunde ena, amasanduka mafunde a wailesi otha kutuluka n'kufika kuno.

Apa mpamene panabuka mkangano. Mu 1964, Peter Sturrock anawerengetsa masamu n'kupeza kuti mtsinje wotere uyenera kutaya mphamvu zake zonse usanapite patali n'komwe. Komatu maelekitironiwo amafika pafupi ndi dziko lathu, atayenda makilomita pafupifupi 150 miliyoni! Funso la Sturrock linali lachilungamo, ndipo ndimamulemekeza poti sanalibise. Yankho linabwera pang'onopang'ono. Maelekitironi aliwiro amatsogola n'kusiya mphamvu m'mafunde, otsalira m'mbuyo n'kumaitolanso. Komanso plasmayo si yosalala, ili ndi mabampu amene amadukiza kukula kwa mafundewo. Mu 1976, Donald Gurnett ndi Roger Anderson analengeza kuti chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Helios chapeza mafunde a Langmuir kumene maphokosowa amabadwira.

Lero akatswiri akufuna kuweta zimenezi pansi pompano. Ku Budker Institute mumzinda wa Novosibirsk ku Russia, pa makina otchedwa GOL-3, anawombera mtsinje wamphamvu wa maelekitironi m'plasma yothithikana yogwiridwa ndi maginito. Poti plasma yake ndi yothithikana kuposa ya pamwamba pa dzuwa, mafunde otulukawo amayandikira terahertz, chigawo chapakati pa microwave ndi infrared, chimene mpaka pano n'chovuta kuchipangira makina amphamvu.