Sikuti ufumu wa Avisigoth unagwa chifukwa cha mtsikana

Kwa zaka mazanamazana anthu akhala akufotokoza kuti ufumu wa Avisigoth, mtundu wa Chijeremani womwe unkalamulira Spain, unatha chifukwa mfumu Roderic inagwiririra mwana wamkazi wa Julian, bwanamkubwa wa ku Ceuta, mzinda wa kumpoto kwa Africa, ndipo bamboyo pobwezera anaitana Asilamu. Nkhaniyi imakoma m'khutu, koma inayamba kulembedwa patapita zaka zoposa 100. Mbiri yachikhristu ya mu 754, yomwe ili pafupi kwambiri ndi nthawiyo, siitchula mtsikanayo n'komwe.

Chimene chinadya ufumuwu chinali m'nyumba momwemo. Mpando sunali wa mwana wa mfumu basi. Msonkhano wa mabishopu ku Toledo, likulu la ufumuwu, mu 633 unagamula kuti mfumu izisankhidwa ndi akuluakulu pamodzi ndi mabishopu, choncho mfumu ikangotsikira kuli chete, mabanja amphamvu ankayang'anizana ndi diso lofiira.

Mfumu Wittiza atachoka pampando cha mu 710, Roderic analanda Toledo, koma kumpoto chakum'mawa kunkalamulira Achila. Umboni wake mungaugwire m'manja: tindalama tagolide. Ta Roderic tinasulidwa ku Toledo ndi Egitania, ta Achila ku Narbonne, Girona ndi Tarragona. Dziko limodzi, mafumu awiri! Ine ndimakhulupirira tindalamati kuposa nthano ya mtsikana, yomwe imasenzetsa mwana wosalakwa mlandu wa akuluakulu.

Tariq ibn Ziyad, mtsogoleri wa asilikali achisilamu, atawoloka nyanja kuchokera ku Africa mu 711, Roderic anagonja ali ndi nduna zina zomwe zinkasirira mpando wake. Koma sizinathere pomwepo. Theodemir, mmodzi wa akuluakulu a Avisigoth, anapangana ndi Abd al-Aziz, mtsogoleri wina wa Asilamu, mu 713 n'kusunga dera lake, ndipo Ardo, wolowa m'malo mwa Achila, analamulirabe kufikira cha mu 720.