Mwana akamabwereza kalasi, fufuzani pomwe akukakamira

M'makalasi ambiri a pulayimale kuno ku Kasungu mumapezeka mwana amene amayankha bwino pakamwa, amatumidwa kumsika n'kubwera ndi chenji chokwanira, koma akapatsidwa buku amangoliyang'ana. Kunyumba amamutcha waulesi kapena wouma mutu, ndipo akalephera mayeso a teremu yachitatu amauzidwa kuti abwereze. Ife amene timaphunzitsa ana ofunika chithandizo chapadera timadziwa kuti kubwereza pakokha sikuthandiza ngati mwanayo aphunzitsidwanso mwa njira yomwe ija imene inamukanika chaka chatha.

Kholo liyambe ndi zifukwa zapafupi. Mwana amene amafinya maso poyang'ana pa bolodi, kapena amene khutu lake limatuluka mafinya, apite kuchipatala akapimidwe, chimodzimodzinso amene anadwalapo malungo aakulu okomola kapena amagwa khunyu. Kujomba m'nyengo yosoka ndi kusankha fodya nako kumabweza mwana m'mbuyo, monganso kulowa m'kalasi ndi njala.

Zonsezi zikakhala kuti zili bwino koma mwana akulepherabe kuwerenga, tiganizire vuto lomwe akatswiri amati dyslexia, pomwe ubongo umavutika kulumikiza lemba ndi liwu lake. Chichewa chimalembedwa mofanana kwambiri ndi momwe chimamvekera, n'chifukwa chake ana ambiri akagwira a, e, i, o, u ndi maphatikizo monga ba, be, bi, amayamba kuwerenga okha. Mwana wa vutoli amakakamira pa maphatikizo a malembo ambiri monga nkha, mphe ndi ntchi, mwina "nkhuku" n'kuwerenga "nuku", amadumpha mzere, ndipo mawu amene wawawerenga pamwamba pa tsamba sawazindikiranso akawapeza pansi. Kusokoneza b ndi d mu Sitandade 1 kusakudetseni nkhawa, popeza ana ambiri amatero, koma kukapitirira mpaka Sitandade 3 n'kofunika kukutsatira. Vutoli limatha kuyenda m'mtundu. Silichokera kwa afiti, ndiponso silitanthauza kuti mwana n'ngoperewera nzeru.

Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, moti mphunzitsi sangaone mwana aliyense payekha ngati kholo silinafike kudzalankhula. Mukapita, musangofunsa kuti wakhala nambala chiyani. Pemphani kuti mwanayo awerenge ndime imodzi inu muli pompo, muone kope lake, kenaka mufunse mphunzitsi wamkulu kuti kudzera kwa PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale wa zoni yanu, akulumikizeni ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera, monga amene amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Ngati vuto ndi la maso, m'boma lathu lomwe lino muli sukulu ya Chilanga yophunzitsa ana osaona.

Kunyumba mphindi 15 tsiku lililonse n'zokwanira, bola kusakhale chikwapu kapena kumuyerekeza ndi mng'ono wake. Mwana alembe phatikizo limodzi ndi chala pa dothi kwinaku akulitchula mokweza, kapena mulembe maphatikizo pa zidutswa za katoni kuti aziphatikiza yekha "nkhu" ndi "ku". Kholo lomwe silidziwa kuwerenga lingathe kumuimbira nyimbo, kumuombetsa m'manja pa phatikizo lililonse la dzina lake, ndi kupempha mkulu wake kapena amayi a mother group kuti azimvetsera akamawerenga. Teremu ikatha, bwereraninso kwa mphunzitsi ndi kope lija kuti muone limodzi maphatikizo amene wawagwira ndi amene atsala.